Kuyezetsa sickle cell pa labotale ina ya mumzinda wa Tete: makina ndi odalirika, koma mawu ndi ochepa

Mwana wathu wachiwiri anali ndi miyezi 8 pamene manja ndi mapazi ake anatupa koyamba, ndipo analira usiku wonse osalola kuti munthu amukhudze. Kumudzi kwathu, kufupi ndi Ulongwe m'boma la Angónia ku Mozambique, akuluakulu sanachedwe kulipezera dzina vutoli. Ena anati ndi tsempho, n'kuyamba kutiyang'ana ine ndi mayi ake ndi diso lofunsa, pamene ena anati pali munthu wa mtima woipa amene watambasulira dzanja pakhomo pathu. Pa zaka ziwiri zotsatira tinasanduka anthu a panjira ya kuchipatala. Malungo ankabwera pafupipafupi, maso a mwanayo ankakhala achikasu ngakhale pa masiku amene ankasewera bwino, kapamba ankatupa, ndipo ulendo wina magazi anachepa kwambiri moti anachita kumuwonjezera ena.

Dokotala wina wachinyamata ndi amene anasonkhanitsa zizindikiro zonsezi n'kulemba m'kabuku ka mwanayo mawu a Chipwitikizi akuti anemia falciforme, ndi chizindikiro cha funso kumapeto kwake. Anatiuza kuti amenewa ndi matenda amene anzathu a kutsidya kwa malire, ku Dedza ndi ku Ntcheu, amawadziwa ndi dzina lakuti sickle cell, ndiponso kuti njira yotsimikizira ndi kuyezetsa magazi mwa njira yotchedwa electrophoresis, imene imagwiritsa ntchito magetsi posiyanitsa mitundu ya zinthu za m'magazi. Anatilozera labotale ina yomwe si ya boma mumzinda wa Tete. Tapitako katatu tsopano, ndipo ndikulemba zimene ndinaona kuti kholo lina lisanagulitse mbewu zake n'kukwera chapa, minibasi ya kuno kwathu, lidziwe chimene likupita kukagula.

Ndiyambe ndi foni, chifukwa ndi pamene panayambira vuto loyamba. Ndisananyamuke ndinaimba kufunsa mtengo, masiku amene amatsegula, ndiponso ngati mwana ayenera kubwera asanadye. Amene anayankha anandiuza zonsezi mwaulemu, koma sanandifunse funso lililonse lokhudza mwanayo. Tinadzuka m'bandakucha, tinatsika kuchoka ku mapiri athu ozizira kudzera ku Mussacama ndi ku Moatize, ndipo pamene tinkawoloka Zambezi pa mlatho wa Samora Machel dzuwa linali litayamba kale kuotcha ngati mbaula. Ndi ulendo wa makilomita oposa 200, mwana ali pamiyendo. Titalipira n'kulowa m'kachipinda kotengera magazi, mayi amene amagwira ntchitoyi anatsegula kabuku ka mwanayo, anawerenga pang'ono, kenaka anaika pansi jekeseni imene anali atakonza kale.

“Bambo, mwanayu anamuwonjezera magazi liti?” anandifunsa m'Chinyanja chosakanikirana ndi Chinyungwe.

Nditayankha kuti panali patapita milungu 5, anapukusa mutu n'kunena kuti sangatenge magazi tsiku limenelo. Anafotokoza kuti m'thupi mwa mwanayo munali mudakali maselo ofiira a munthu amene anapereka magaziwo, ndipo makina sangasiyanitse a mwini wake ndi a mlendo, choncho mwana wodwaladi akhoza kuoneka ngati wongonyamula chabe matendawa. Anati tidikire kuti ikwane miyezi itatu. Tsiku limenelo ndinapsa mtima, ndipo sindibisa. Koma nditakhala pansi ndinazindikira kuti mayiyu anachita chinthu chimene malo ambiri ochitira malonda sangachite: ndalama inali italowa kale m'kabati, ndipo akanatha kungotenga magazi n'kutipatsa pepala labodza lokhala ndi chidindo chenicheni. M'malo mwake anatiperekeza yekha kwa wolandira ndalama, amene analemba pa lisiti kuti tidzabwere osalipiranso, ndipo pa ulendo wachiwiri lonjezolo analisunga. Chifukwa cha mayi ameneyu ndimakhulupirira zimene zimatuluka m'labotale imeneyi. Komabe funso limene anandifunsa ndi la mawu ochepa, ndipo likanafunsidwa pa foni likanatipulumutsira ndalama ya ulendo wonse ndi tsiku lathunthu la mwana wofooka pa dzuwa la ku Tete.

Malowo ndi aukhondo. Majekeseni amawatsegula m'mapepala ake inu mukuona, kabotolo kalikonse amakamata dzina magazi asanalowemo, ndipo amakupemphani kuti muwerenge dzinalo n'kuvomereza. Amalandira ndalama ya m'manja komanso ya pa foni, kudzera pa M-Pesa kapena e-Mola. Pali zinthu ziwiri zimene sindinakondwe nazo m'chipinda chodikirira. Choyamba n'chakuti chigubu cha madzi akumwa chimene chili pakona chinali chouma maulendo onse atatu, makapu ake ali pomwepo atachita fumbi. Kwa munthu wobwera kudzayezetsa shuga zimenezi n'zazing'ono, koma kwa mwana wa sickle cell kuchepa kwa madzi m'thupi ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimadzutsa ululu wa m'mafupa, ndipo mzinda wa Tete kutentha kwake kumapitirira madigiri 40 m'miyezi ya chilimwe. Chachiwiri n'chakuti wolandira alendo amaitana dzina la munthu mokweza pamodzi ndi dzina la chimene wabwera kudzayezetsa. Ife zinangotichititsa manyazi pang'ono, koma ndinamvera chisoni mnyamata wina amene chipinda chonse chinamva chimene chinamubweretsa.

Pa tebulo lolipirira m'pamene kholo liyenera kutsegula maso kwambiri. Labotaleyi imayeza sickle cell m'njira ziwiri, ndipo mitengo yake ndi yotalikirana. Wolandira ndalama, poona zovala zathu ndi fumbi la ku Angónia, anayamba n'kutiuza za njira yotsika mtengo, ndipo ndikukhulupirira kuti ankafuna kutithandiza. Mu njira imeneyi amasakaniza kadontho ka magazi ndi mankhwala otchedwa sodium metabisulfite, amene amachotsa mpweya wa okosijeni, kenaka amayang'ana pa maikulosikopu ngati maselo ofiira apindika n'kukhala ngati zenga lomwetera udzu. Vuto lake n'lakuti maselo amapindika mwa munthu wodwala komanso mwa munthu wathanzi amene wangonyamula theka la matendawa. Yankho lakuti “alipo” silikuuzani ngati mwana wanu ndi wodwala kapena ayi, ndipo funso lomwe tinabwera nalo linali lomwelo. Tikanapanda kukhala ndi mawu akuti electrophoresis olembedwa ndi dzanja la dokotala, tikanalipira zochepa n'kubwerera kwathu ndi chikayiko chomwe tinachoka nacho.

Kuti munthu amvetse chifukwa chake njira yodulayo ndi yoyenera ndalama yake, ayenera kudziwa pang'ono chimene chalakwika m'magazimo, ndipo zimenezi ndinazidziwa pambuyo pake, pofunsa dokotala uja ndi kuwerenga. M'maselo ofiira muli chinthu chotchedwa hemoglobin, chimene chimanyamula okosijeni kuchoka m'mapapo kupita m'thupi lonse. Malangizo opangira hemoglobin analembedwa mu DNA, imene imagwiritsa ntchito zilembo zinayi zokha, A, T, G ndi C, ndipo munthu ali ndi zilembo zoterezi pafupifupi mabiliyoni atatu kuchokera kwa kholo lililonse. Zilembozi zinamangidwa m'mitolo yotchedwa chromosome, ndipo pa chromosome ya nambala 11 pali jini, kutanthauza kachigawo ka malangizowa, yotchedwa HBB. Mwa mwana wanga, pamalo pamene payenera kuwerengedwa GAG pamawerengedwa GTG. Chilembo chimodzi chokhacho chimachititsa kuti pa unyolo wa timagawo 146 timene timapanga mbali imeneyi ya hemoglobin, kagawo kachisanu ndi chimodzi kakhale valine m'malo mwa glutamic acid. Hemoglobin yotereyi ikangotula okosijeni imamatana n'kupanga timitengo tolimba m'kati mwa selo, selolo limapindika, limakakamira m'timitsempha ting'onoting'ono, ndipo magazi akalephera kudutsa m'pamene mwana amalira ndi mafupa. Selo labwino limakhala masiku pafupifupi 120, koma lopindika limafa pakati pa masiku 10 ndi 20, n'chifukwa chake magazi amachepa ndipo maso amachita chikasu. Ngakhale kuchedwa kwa zizindikiro kuli ndi chifukwa chake: khanda limabadwa ndi hemoglobin ya m'mimba, yotchedwa F, imene sipindika, ndipo imayamba kutha m'miyezi 6 yoyambirira. Kutupa kwa manja kumene akuluakulu anakutcha tsempho kunafika pa nthawi yeniyeni imene chitetezo chimenechi chinali chitachepa.

Matendawa anawalemba koyamba m'mabuku a zachipatala dokotala James Herrick wa ku Chicago m'chaka cha 1910. Mu 1949 Linus Pauling ndi anzake anadutsitsa magetsi m'madzi okhala ndi hemoglobin n'kupeza kuti ya anthu odwala imayenda mosiyana ndi ya anthu athanzi, ndipo cha m'ma 1956 ndi 1957 Vernon Ingram, ali ku Cambridge, anapeza kagawo kamodzi kosinthika kaja. Ndatchula mbiri imeneyi chifukwa chimene makina a ku Tete anachita ndi magazi a mwana wanga chimatsatira nzeru ya mu 1949 yomweyo. Glutamic acid imakokedwa ndi magetsi pamene valine sikokedwa, choncho hemoglobin S, ya matendawa, imatsalira m'mbuyo pamene hemoglobin A, yabwinobwino, yapita patsogolo, ndipo mtundu uliwonse umasiya mzere wakewake. Makinawa sawerenga DNA mwachindunji, koma amaona mapazi ake, monga mlenje amadziwira nyama imene yadutsa.

Zotsatira anatilonjeza kuti zituluka pakatha masiku 5 ndipo azitumiza pa WhatsApp. Zinafika pa tsiku la 12, nditaimba kanayi, ndipo chimene chinabwera chinali chithunzi cha pepala chojambulidwa mopendekera, chala cha wojambula chitabisa ngodya imodzi. Pepalalo linali m'Chipwitikizi, lili ndi mizere yolembedwa HbA, HbS, HbF ndi HbA2 (Hb ndi chidule cha hemoglobin), ndi manambala pambali pake. Pa HbA panalibe kanthu, ndipo pa HbS panali nambala yaikulu. Panalibe chiganizo chimodzi chofotokoza tanthauzo, ngakhale m'Chipwitikizi momwemo, kupatula mawu ang'onoang'ono akuti tikaonane ndi dokotala. Ine ndinapita kusukulu ndipo Chipwitikizi ndimachiwerenga, koma ndinakhala pakhonde usiku umenewo ndikukulitsa ndi kuchepetsa chithunzicho osadziwa ngati ndilire kapena ndithokoze. Apa m'pamene pali dandaulo langa lalikulu. Kuyeza malungo ndi nkhani ya munthu mmodzi ndi sabata imodzi, koma pepala ili limakhudza moyo wonse wa mwana, ukwati wa makolo ake, ana amene sanabadwe, ndi mabanja awiri amene akhala akulozana zala. Labotaleyi imalipereka mofanana ndi mmene imaperekera zotsatira za mkodzo.

Dokotala uja atawerenga anati tiyezetsenso ife makolo, chifukwa kusowa kwa HbA mwa mwana nthawi zina kumachokera ku kuphatikizana kwa sickle cell ndi vuto lina la magazi lotchedwa thalassemia, ndipo magazi a makolo ndi amene amathetsa kukayika. Ulendo wachitatu unali umenewo. Ndalama ya kuyeza anthu atatu, osawerengera ya chapa ndi chakudya, inatidyera matumba angapo a mbatata ya kachewere, ndipo palibe kuchotsera kulikonse kwa anthu a banja limodzi, ngakhale kuti matenda a kumtundu sayezedwa mwa munthu mmodzi. Zotsatira zinasonyeza kuti mkazi wanga ndi AS, ndipo inenso ndine AS, kutanthauza kuti aliyense wa ife ali ndi A imodzi ndi S imodzi, wongonyamula chabe matendawa.

Sindikudziwa ngati ogwira ntchito pa labotaleyi amazindikira kulemera kwa zilembo ziwirizi. Kwa zaka ziwiri abale anga ankanong'onezana kuti magazi oipa anachokera kuchikazi, ndipo mkazi wanga ankamva zonsezi ali chete. Zoona zake n'zakuti mwana sangadwale sickle cell yamtundu wa SS pokhapokha atalandira S kwa mayi ndi S kwa bambo. Ndinaitana ankhoswe a mbali zonse ziwiri ndi mayi anga ondibereka, n'kuyala mapepala atatu pamphasa. Poyamba ndinalakwitsa, chifukwa ndinanena kuti vuto lili m'majini. Mayi anga anaomba m'manja n'kuti, “Mwananga, si zimene tinkanena kodi? Majini amenewo ndani anawatumiza?” Mawu amene anthu ophunzira anatengera kuti atchulire timalangizo ta mu DNA ndi omwewo amene kwathu amatanthauza mizimu yoipa, ndipo ndikulangiza aliyense wofotokozera akuluakulu nkhaniyi kuti awapewe n'kunena za chibadwa kapena za kumtundu. Chimene chinandithandiza ndi nyemba. Ndinapatsa mkazi wanga nyemba yoyera ndi yofiira, inenso ndinatenga chimodzimodzi, ndipo aliyense ankatulutsa imodzi osayang'ana. Nthawi zina zinkatuluka zoyera ziwiri, kawirikawiri yoyera ndi yofiira, ndipo nthawi zina zofiira ziwiri. Pa mimba iliyonse mwayi wakuti mwana akhale SS ndi umodzi mwa inayi, wakuti akhale AS ndi iwiri mwa inayi, ndipo wakuti akhale AA ndi umodzi mwa inayi. Nkhoswe wa kuchikazi anafunsa ngati zikutanthauza kuti popeza mmodzi wadwala kale, atatu otsatira adzakhala bwino. Ndinabwezera nyembazo m'manja n'kumuonetsa kuti mimba iliyonse imayambira pomwepo, ndipo nyemba sizikumbukira zimene zinatuluka dzulo. Kufotokoza konseku kunatenga nthawi yochepa kuposa imene tinakhala pa benchi la labotale tikudikira lisiti.

Atsibweni a mkazi wanga anafunsanso funso lanzeru, lakuti ngati chibadwachi n'choipa chonchi, n'chifukwa chiyani sichinathe kalekale. Yankho analipeza Anthony Allison mu 1954 pofufuza kum'mawa kwa Africa: anthu a AS amatetezeka kwambiri ku malungo aakulu, choncho kumadera a udzudzu makolo athu onyamula S imodzi ankapulumuka ali ana n'kuipatsira kwa zidzukulu. Chitetezo chimenechi ndi cha AS. Kwa mwana wa SS malungo ndi mdani woopsa, ndipo neti si chinthu choiwala ngakhale usiku umodzi. Padziko lonse ana oposa 300,000 amabadwa ndi matendawa chaka chilichonse, ambiri mwa iwo kuno kumwera kwa chipululu cha Sahara.

Sindikuyembekezera kuti labotale ikhale chipatala, ndipo kulemba mankhwala si ntchito yake. Koma kapepala kamodzi ka m'Chichewa ndi m'Chinyungwe, kophatikizidwa ku zotsatira, kakanauza kholo zinthu zimene zimasunga moyo: kuti penicillin womwa tsiku ndi tsiku amateteza ana aang'ono ku matenda oopsa a tizilombo, monga kafukufuku wa ku America anasonyezera mu 1986, kuti katemera asadumphidwe, kuti thupi likangotentha mwana athamangitsidwe kuchipatala tsiku lomwelo, kuti azimwa madzi ambiri, ndiponso kuti kuzizira kwa June ndi July kwathu ku Angónia ndi ku Tsangano kumadzutsa ululu mofanana ndi kutentha kwa m'chigwa cha Zambezi. Kakanatchulanso hydroxyurea, mankhwala amene amadzutsanso hemoglobin F ija. Kafukufuku wotchedwa REACH, amene anachitika pakati pa ana a ku Angola, Democratic Republic of Congo, Kenya ndi Uganda n'kufalitsidwa mu 2019, anasonyeza kuti mankhwalawa angagwiritsidwe ntchito bwino mu Africa muno, ndipo anachepetsa ululu, kuwonjezeredwa magazi, malungo ndi imfa. Amafuna kuyeza magazi pafupipafupi, zimene zikutanthauza kuti labotale imene ingafotokozere bwino makolo ikhoza kuwaona akubwerabe kwa zaka zambiri. Ngakhale poyang'ana malonda okha, kukhala chete kwawo n'kudziluza.

Mnzanga wina ananditumizira nkhani yakuti kunja matendawa ayamba kuwachiza pokonza DNA yeniyeniyo. N'zoona: kumapeto kwa 2023 mayiko a Britain ndi America anavomereza chithandizo chotchedwa Casgevy, chogwiritsa ntchito luso lodula ndi kusintha DNA lotchedwa CRISPR, limene Jennifer Doudna ndi Emmanuelle Charpentier analandirira mphotho ya Nobel mu 2020. Amatenga maselo opanga magazi a wodwala, amazimitsa chimene chimatseka hemoglobin F, n'kuwabwezera m'thupi. Mtengo wake ku America pamene anachivomereza mu 2023 unali madola 2.2 miliyoni pa munthu mmodzi, ndipo sindinavutike n'kuwerengera kuti ndi matumba angati a mbatata. Chimene chili pafupi ndi ife ndi tizida tating'ono monga HemoTypeSC ndi Sickle SCAN, timene timayeza kadontho ka magazi a pachala popanda magetsi n'kusiyanitsa AA, AS ndi SS m'mphindi zochepa. Nditafunsa ngati labotaleyi ingabwere nato ku Ulongwe ngakhale kamodzi pamwezi, kapena kukhala ndi malo otengera magazi kumeneko, wolandira alendo anaseka mwaulemu n'kuti akauza abwana.

Kwa kholo la ku Angónia, Tsangano, Macanga kapena Chifunde limene likuganiza zopitako, ndinganene kuti pitani, chifukwa ntchito ya pa makina amaigwira moona mtima ndipo zotsatira zathu zitatu zinagwirizana ndendende ndi mmene chibadwachi chimayendera. Koma muimbe kaye n'kunena nokha ngati mwana anawonjezeredwa magazi m'miyezi itatu yapitayi, mutenge madzi anuanu, muumirire electrophoresis ngakhale akuuzeni za yotsika mtengo, ndipo mupemphe pepala lenileni osati chithunzi chokha. Musanalipire, mudziwe dokotala amene adzakuwerengereni pepalalo, chifukwa pa labotalepo simudzapeza woti akhale nanu pansi. Ngati thumba lingalole, mayi ndi bambo ayezetse tsiku limodzi ndi mwana kuti ulendo ukhale umodzi.

Mwana wathu woyamba, yemwe ali ndi zaka 7 ndipo sanadwalepo modetsa nkhawa, sitinamuyezetse. Mayi anga, amene tsopano amasunga kabotolo ka penicillin pamwamba pa kabati ndi kukumbutsa mpongozi wawo nthawi ya mankhwala, ndi amene akuumirira kuti mtsikanayo adziwe zilembo zake asanafike pa msinkhu wofunsiridwa. Tagwirizana kuti tipita naye tikakolola nyemba, ndipo lisiti la ulendo woyamba lija ndalisunga m'kabuku ka mng'ono wake, pamodzi ndi mapepala atatu aja.